Zip, Word kapena PDF: kumanga mapepala a tenda m'fayilo imodzi

Sabata yatha alamu anga anafika ku kashopu kanga ku Kamwala, mu Lusaka, atanyamula flash ndi envulopu yotupa. Amafuna kupikisana nawo pa tenda yopereka mapepala ndi inki ku ofesi ina, ndipo eni tenda analemba mosabisa kuti zonse zibwere m'fayilo imodzi. Anali ndi kalata ya mu Word, mitengo ya mu Excel, satifiketi ya PACRA (bungwe lolembetsa makampani), tax clearance ya ZRA (kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino), chikalata cha NAPSA (bungwe la penshoni), ndi chitupa cha NRC chojambulidwa ndi foni mbali zonse ziwiri.

"Alamu, ingophatikizani basi," anatero, ngati kuti ndi mtolo wa nkhuni wongofuna luzi.

Njira yoyamba imene ambiri amathamangira ndi zip. Windows yakhala nayo kuyambira pa Windows Me mu 2000: mumasankha mafayilo onse, kudina batani lakumanja la mausi, n'kuwapanikiza m'foda imodzi. Ndi njira yakale ndithu, Phil Katz anaitulutsa mu 1989, ndipo 7-Zip imagwira ntchito yomweyo mwaulere. Koma zip ndi thumba chabe. Wolandira ayenera kulimasula n'kutsegula pepala lililonse palokha, ndipo kalaliki amene ali ndi matenda makumi atatu patebulo alibe mtima umenewo. Musayembekezenso kuti fayilo ichepa kwambiri, chifukwa zithunzi za JPG ndi ma PDF ambiri anapanikizidwa kale. Ine zip ndimaisungira akauntanti, amene afunika Excel yamoyo kuti asinthe manambala.

Yachiwiri ndi kulowetsa zonse mu Word, kudzera pa Insert, Object, Text from File. Ngati mukulumikiza mitu ya lipoti yolembedwa pa template imodzi, monga amachitira ophunzira a ku yunivesite ya UNZA akamamaliza kafukufuku wawo, zimayenda bwino. Koma mapepala ochokera kwa anthu osiyana amamenyana. Malire a tsamba amasuntha, manambala a masamba amasokonekera, ndipo mitu yokhala ndi style (kaonekedwe ka zilembo) ya dzina lofanana imavala zovala za fayilo yolandira. Section break, yogawa fayilo m'zigawo, imathandiza, koma mutaya masana onse mukukonza. Palinso master document, fayilo yaikulu yolumikiza mafayilo ang'onoang'ono, mu Word ndi mu LibreOffice Writer, koma imeneyo ndi ya mabuku, si ya munthu amene tenda yake ikutsekedwa mawa.

Akale pa ntchito imeneyi akumbukira Microsoft Binder, kapulogalamu kamene kankabwera ndi Office 95, 97 ndi 2000. Kankasunga Word, Excel ndi PowerPoint m'fayilo imodzi ya .obd, chilichonse chikadali chotheka kusintha, masamba akuwerengedwa motsatana mpaka kumapeto. Office XP itatuluka mu 2001 anakachotsa, n'kutisiyira kachida kotchedwa Unbind kongomasulira mafayilo akalewo. Mpaka pano ndimakasowa.

Choncho tatsala ndi PDF, ndipo pa tenda, pa CV ndi masatifiketi, kapena pa mapepala a ngongole ku banki, ndiyo njira yanga. Chimene mwaona pa kompyuta yanu n'chimene wolandira adzaona, kaya pa foni kaya pa kompyuta yakale ya mu ofesi. Funso ndi loti muphatikize ndi chiyani.

Adobe Acrobat Pro ili ndi Combine Files ndipo imagwira ntchito yaukhondo, koma njolipira mosalekeza, ndipo kwacha ikagwa bilu imakwera yokha. Ilinso ndi msampha wotchedwa PDF Portfolio, umene unabwera ndi Acrobat 9 mu 2008. Kunja imaoneka ngati PDF imodzi, mkati muli mafayilo osiyanasiyana, ndipo mapulogalamu ena akaitsegula amangoonetsa tsamba limodzi lokuuzani kuti mukafune Adobe. Woyesa tenda akaona tsamba limenelo angaganize kuti simunatumize kanthu.

Zaulere ziwiri zimene ndimadalira ndi PDF24 Creator ndi PDFsam Basic. PDF24, yochokera ku Germany, ndi ya Windows yokha, koma imalandira zithunzi mwachindunji, imakuonetsani masamba kuti muwakoke ndi mausi, ndipo imachepetsa kukula kwa fayilo. PDFsam imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, koma imafuna kuti chilichonse chikhale PDF kale. Ubwino wake ndi woti imatha kuika ma bookmark a fayilo iliyonse, kuti wowerenga adumphe kuchoka pa PACRA kupita pa mitengo osapukusa masamba. Pa makasitomala a tsiku ndi tsiku PDF24 imapambana. Pa mtolo waukulu wa masamba mazana ndimatsegula PDFsam.

Nanga masamba a pa intaneti ophatikiza ma PDF? Amagwira, inde, koma mukutumiza NRC ndi statement ya banki kwa munthu amene simumudziwa, bandulo ikudyeka popita ndi pobwera. Magetsi akazima netiweki n'kuyamba kujejema, laputopu ya batire yokhala ndi pulogalamu yake imapitiriza ntchito.

Za alamu anga zinatha chonchi. Ndinatchula mafayilo 01, 02, 03 motsatira ndandanda ya eni tenda kuti asasokonezeke. Excel poyamba inadula tebulo pakati, mitengo yonse n'kugwera tsamba lachiwiri yopanda maina a katundu, mpaka ndinasankha Landscape ndi Fit All Columns on One Page ndisanasunge ngati PDF. Masatifiketi anali atawasikana pa 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi) mwamtundu, fayilo n'kudutsa 25 MB imene Gmail imalola. Ndinabwereza pa 200 dpi, zidindo zikuwerengekabe bwinobwino, n'kutsika kufika pa 4 MB.

Atatsala pang'ono kutumiza, alamu anaweramira pa sikirini.

"Alamu, nanga nkhope yanga yaimiranji chadodolido?"

NRC inali italowa mozondoka. Ndinaitembenuza, n'kuwasungiranso zip ya mafayilo oyambirira pa flash, chifukwa tax clearance imatha nthawi ndipo tenda yotsatira adzabweranso ndi envulopu yomweyo.