Matumba a PICS, chimanga osathira mankhwala

Abale ine matumba a PICS, osungiramo mbewu osalowa mpweya aja, ndagwiritsa ntchito zaka ziwiri tsopano ndipo zothira mankhwala mu chimanga ndinasiyiratu. Kale timathira mankhwala aufa aja ophera anankafumbwe, ukagayitsa mtima osakhazikika, ana akudya nsima iwe ukungoganiza kuti kodi tinapeta bwino koma? Ena mpaka amaponya mapilitsi a phosphine mthumba, thumbalo lili chipinda chomwe mukugona ana, zoopsa zedi mpweya wake uja umapha munthu.

Thumbali mkati muli mapulasitiki awiri, kunja saka wamba. Umamanga lililonse palokha mpweya osalowa, ndiye tizilombo timangobanika nkufera momwemo. Anayambitsa ndi a Purdue University ku America, poyamba zinali zosungira khobwe ku West Africa uko.

Koma chimanga chiume kaye gwa, chachinyezi chichita nkhungu basi. Mtengo ndiwokwererapo kuposa saka wamba eya, komanso khoswe akangoboola zathera pompo, ine ndimasanjika pa matabwa kutali ndi khoma. Loyamba kugula lija likadali bwinobwino, chaka chino ndathiramo nyemba.