Miyezi 8 ndikuimba ma riff pa Drop D

Tsiku lomwe ndinakhwefula nsambo yonenepa kwambiri ya gitala langa kuchoka pa E kufika pa D, machunidwe omwe amatchedwa Drop D, ndinkati ndingolawa sabata imodzi. Pano patha miyezi 8 ndipo sindinaibwezebe.

Nsambo zina zisanu sizikhudzidwa. Zitatu zonenepazo zimakhala D, A, D, ndiye power chord (chord ya mawu awiri okha, muzu ndi wachisanu wake) umaigwira pongogoneka chala chimodzi pa fret (timagawo ta pakhosi pa gitala). Poyamba ndinkadziseka ndekha kuti uwu ndi ulesi. Koma riff (kachidutswa ka nyimbo kobwerezabwereza) yothamanga yomwe dzanja linkapunthwa nayo tsopano imangotsetsereka, ndipo zala zitatu zotsalazo zimapeza mpata wokometsera. Chomwe sindinkayembekezera ndi ichi: dzanja linasiya kuthamangira malo omwe linazolowera. Ma riff anga akale ankafanana ngati ana a mimba imodzi. Atsopanowa ambiri amabadwa ndikasiya D wapansiyo akulira yekha, ine nkumayenda pa nsambo yachinayi. Kutsikako nkochepa, kuchoka pa 82 Hz kufika pa 73 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), koma pa amplifaya kumamveka mpaka m'chifuwa.

Mavuto anayamba mwezi wachiwiri. Nsambo ya .046 (kunenepa kwake mu mainchi) ikakhwefulidwa imalendewera. Ukaimenya mwamphamvu mawu amayamba akwera kenako nkutsika, kwinaku ikukhudza ma fret. Ndinaika ya .052 ndipo zinatheka, ngakhale chala chinadandaula masiku angapo. Amene gitala lake lili ndi bridge (pomwe nsambo zimamangidwa pa thupi la gitala) yoyandama ngati ya mtundu wa Floyd Rose adziwiretu kuti akakhwefula nsambo imodzi, zinazo zimasokonekera, ndiye kusinthasintha pakati pa nyimbo nkudzivutitsa.

China ndi chord ya G. Mawu ake apansi anasamuka pa fret 3 kupita pa 5, ndipo mpaka lero chala chimaiwala ndikamaimba ndi anzanga. Woimba besi amangondiyang'ana cham'mbali.

Ndinayesakonso Open G, machunidwe ena omwe nsambo zimakhala D G D G B D, pa gitala lachiwiri. Keith Richards, woimba gitala wa gulu la Rolling Stones, amachotseratu nsambo yachisanu ndi chimodzi, yonenepa ija, akamaimba motero, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake: D wapansiyo amangosokoneza, muzu wa chord uli pa nsambo yachisanu. Open G imakoma, inde, koma chilichonse chomwe ndinkapeka chinkamveka ngati cha eni ake. Patatha milungu 6 ndinalibweza gitalalo pa machunidwe wamba a E A D G B E, ndilo ndimatenga nyimbo ikafuna ma chord wamba.