Nyenyezi zinayi ndapereka kwa makina, wogulitsa sindinamukhululukire

Ndiyambe ndi wogulitsa, chifukwa ndi amene wandikhazika pansi kuti ndilembe. Ndinalipira mapaundi 349 pa Khirisimasi kugula ditekita, makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, ndipo pachithunzi panali zonse: makinawo, mahedifoni opanda waya, chikwama, ndi chingwe chotchajira. Katoni itafika kuno ku Huddersfield, chingwe munalibe. Amene muli ndi ditekita ya mtunduwu mukudziwa kuti chingwe chake si cha foni choti ungabwereke kwa mwana, ndi chija cha maginito chomata kumbuyo kwa kabokosi. Ndinaimba foni tsiku lomwelo. Bambo amene anayankha anandibwerezetsa dzina katatu, kenako n'kundiuza kuti ndiyang'anenso bwino m'katonimo poti anthu ambiri amataya chingwecho pamodzi ndi mapepala. Nditawauza kuti katoniyo ndaikhutula yonse pansi, anangoti chabwino atumiza china, foni n'kudula. Bambo omwewa tsiku logula anali okoma m'kamwa kwabasi. Anandisunga pa foni mphindi 20 akundisimbira za Terry Herbert, amene mu 2009 anapeza golide wa Staffordshire Hoard m'munda wa mlimi pafupi ndi Lichfield, chuma choposa mapaundi 3 miliyoni chimene anagawana ndi mwini munda. Ananditsimikiziranso kuti makinawa sasankha nyengo, kaya mvula kaya chisanu amagwira basi. Ndalama zitangolowa, mawu anasintha.

Sabata yoyamba ya Januwale kunagwa chipale chofewa chambiri ku West Yorkshire konse, ine nditapuma kuntchito masiku awiri. Mlimi wina wa nkhosa kumtunda kwa Holmfirth anali atandipatsa kale chilolezo cholembedwa choti ndizilowa m'busa lake. Batire inkaonetsa timizere titatu mwa tinayi monga inachokera kufakitale, ndiye ndinati ndikayese, chingwe chidzandipeza. Ndinabwerako mtima uli m'mwamba. Makina ankangolira okha paliponse pamene ndayendetsa mbale yake (chozungulira chakunsi chimene chimamva zitsulo), manambala pa sikirini akudumphadumpha osakhazikika. Pamalo amodzi pamene analira momveka bwino, fosholo inakana kulowa, dothi litauma gwa ngati msewu wa tala. Ndinalimbana ndi dzenje limodzi kwa mphindi 15 n'kutulutsamo chitsulo cha kuphazi kwa hatchi. Ola lisanakwane sikirini inayamba kuchedwa kusintha, kenako inangoti zii. Ndinatsika phirilo zala zitachita dzanzi, makina atsopano ali paphewa ngati khasu lothyoka mpini.

Ndinaimbanso kusitolo kuja. Ulendo uno anayankha mtsikana amene anandiuza kuti za kuzizira si vuto lawo, ndiwerenge kabuku. Ndinamukumbutsa kuti chinthu chogula pa intaneti munthu ali ndi masiku 14 oti achibweze, ndipo ngati chili ndi vuto, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limapereka masiku 30 oti ubwezeredwe ndalama zako zonse. Apa m'pamene anayamba kulankhula mwaulemu. Usiku womwewo ndinalongedza zonse m'katoni.

Amene anandiletsa kutumiza ndi bambo ena achikulire a kuno, oyandikana nafe nyumba, amene akhala akufufuza m'minda zaka zambirimbiri. Anandibwereka chingwe chawo, n'kutenga makinawo, kusomola kachivundikiro kapulasitiki kamene kamateteza mbale kunsi. Munatuluka madzi amatope ndi udzu. Anati chipale chikalowa pakati pa mbale ndi kachivundikiroko, makina amamva chinyezi chamatopecho chikusuntha n'kumalira ngati apeza kanthu. Anandiuzanso kuti batire ya lithiamu imafooka msanga kukazizira, kuti timizere tochokera kufakitale si toti n'kukhulupirira, ndiponso kuti ndisamatchaje makina akadali ozizira kwambiri, ndiziwasiya kaye m'nyumba afunde. Zonsezi anandiuza pa mphindi 10 ataimirira pakhomo, zimene a kusitolo akanatha kundiuza pa foni. Ndinatchaja usiku wonse, komabe katoni sindinaitaye.

Lamlungu lake ndiye nkhani yeniyeni. Titatuluka m'mapemphero, amayi ena a mumpingo mwathu, akwathu ku Ntcheu, a zaka za m'ma 60, anapita kukachotsa chipale pagalasi la galimoto yawo ndi manja opanda magolovesi. Atamaliza anakutumula manja, n'kulowa m'galimoto, ndipo pogwira chiwongolero anaona chala chili chabe. Mphete yaukwati palibe. Kukazizira zala zimanyala, mphete imene kunyumba imavuta kuvula imangopulumuka yokha. Bambo akunyumba kwawo anamwalira zaka ziwiri zapitazo kumudzi, ndipo mpheteyo anawagulira ku Limbe asanabereke mwana woyamba. Achinyamata anali atafufuza kale pafupifupi ola lathunthu, kupalasa ndi nsapato, kupondaponda malo onse mpaka chipale chinasanduka chiphala cholimba. Amayiwo anangoima chilili m'mbali, osalira, akungosisita chalacho ndi dzanja linalo. Mayi akunyumba anandikoka jekete n'kunena kuti, "Bambo, makina anu aja bwanji?"

Ndinathamangira kunyumba. Pobwerera nthawi inali itadutsa 3 koloko, ndipo mu Januwale kuno dzuwa limalowa cha m'ma 4. Abusa anapempha chilolezo kwa woyang'anira holo imene timabwereka, iye anavomera. Nditayatsa makina pamalo oimika magalimoto, phokoso lija linayambiranso, mtima wanga unagunda kuti ndichita manyazi pamaso pa mpingo wonse. Ndinasomola kachivundikiro kaja n'kuika m'thumba, ndinatsitsa mphamvu yakumva ya makina, koma kulira sikunatheretu. Kenako ndinaona timiyala tofiirira ta mchere umene amawaza kuti pansi pasaterere. Mchere wonyowa umasokoneza ditekita monga umachitira mchenga wa kunyanja ya mchere. Ndinasinthira ku pulogalamu ya kugombe, ija ndinkaiona ngati yopanda ntchito kwa munthu wokhala kutali ndi nyanja ngati ine. Makina anakhala phee. Apa ndi pamene ndinayamba kuwapatsa ulemu.

Ndinapempha mayi akunyumba kuti avule mphete yawo, ndinaikwirira m'chipale n'kuyendetsa mbale pamwamba pake kuti ndimve mmene golide amalirira. Vuto lake ndi lakuti mphete yaing'ono ya golide imaonetsa manambala otsika, ofanana ndi a foyilo ndi tizitsulo totsegulira zitini za zakumwa. Munthu ukauza makina kuti asamalire pa zinyalala zimenezi, wawauzanso kuti asamalire pa mphete. Ndiye chilichonse chimene chinalira ndinachifukula. Foyilo ya maswiti kanayi. Totsegulira zitini sindinawerenge n'komwe. Kandalama ka 5p, chitsekerero cha botolo, kiyi wa winawake amene anazindikiridwa pomwepo ndi mwini wake. Ndinkayenda mzere wowongoka kuchoka pagalimoto kukafika kumpanda, kubwerera motsatira mapazi anga omwe kuti ndisadumphe malo. Nthawi iliyonse ndikawerama, anthu ankasendera pafupi, ndikadzuka ndi foyilo ankabwerera m'mbuyo mwakachetechete.

Mdima unagwa. Ena a ana aang'ono anatsanzika, ndipo amayi aja anabwera n'kunena kuti, "Achimwene, basi zisiyeni, mudwala nazo. Mulungu anapereka." Ndinawapempha kuti aime pamene anaima poyamba, andionetse mmene anakutumulira manja. Anaponya manja pansi n'kuwabweza chakumbuyo. Tonsefe tinkafufuza kutsogolo kwa galimoto ndi m'mbali mwake, pomwe dzanja linathera kumbuyo kwawo, kumene kunali mulu wa chipale chimene woyang'anira holo anakankhira m'munsi mwa mpanda wamaluwa m'mawa. Palibe anapondako.

Anyamata atatu anandiunikira ndi matochi a m'mafoni. Ndinayamba kumapeto kwa muluwo. Nditayenda masitepe ngati asanu ndi limodzi, makina analira mawu aafupi, ofewa, osasweka, ndipo nditatembenuka n'kuyendetsa mbale chopingasa analira chimodzimodzi, nambala osasuntha. Foyilo nthawi zambiri imasinthasintha ukaizungulira, ichi ayi. Ndinavula golovesi ndi mphete yanga yomwe, kuopa kuti makina angamve dzanja langa, ndinatapa chipale chodzaza manja n'kuchidutsitsa pambale. Zii. Ndinatapanso chakunsi. Chinalira. Ndinagawa mpira wachipalewo pakati, theka lina zii, lina linalira. Ndinagawanso. Pa kachidutswa komaliza, kosaposa dzira la nkhuku, ndinamva chinthu cholimba pakati pa zala. Mnyamata mmodzi anabweretsa tochi pafupi, ndipo inali pomwepo, yopyapyala chifukwa chovalidwa zaka zambiri, mkati mwake mutadzaza chipale.

Amayi aja sanathamange. Anabwera pang'onopang'ono, anagwada m'chipalemo ndi chitenje chawo chomwe, analandira ndi manja awiri, n'kukhala nthawi akungoiyang'ana. Kenako anati, "Achimwene, mwandibwezera bambo m'nyumba." Nthungululu zimene amayi anaimba pamenepo zinatulutsa anthu a nyumba za tsidya lina la msewu m'mawindo. Nthawi inali 5:20. Nditayang'ana sikirini, batire inali itatsika kamzere kamodzi kokha, maola awiri ndi kanthu panja madzi akuundana. Ndinali nditakulunga chogwirira ndi sokosi, mkati muli kapaketi kaja kofunditsa manja, monga anandilangizira abambo oyandikana nawo.

Ndiye makinawa sindibweza. Ndi opepuka, mkono sunatope, ndipo nyali ya pa sikirini inandithandiza kwambiri mumdima. Mahedifoni amamveka bwino ngakhale utavala chipewa chaubweya mkati. Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa mabatani ndi aang'ono moti ndi magolovesi umadina awiri nthawi imodzi, komanso kabuku kake sikanena zomveka za kachivundikiro kaja, chinthu chimene chinatsala pang'ono kundibwezetsa makina abwinobwino. Dziwaninso kuti chipale chimakubera kuya: ngati chaunjikana masentimita 10, mbale yakwera masentimita 10 kuchoka padothi, ndipo kandalama kamene makina akanakamva sakukamvanso. Kufufuza chinthu chogwera m'chipalemo amachita bwino zedi. Kufufuza zakale za pansi pa dothi louma ndi chisanu, dikirani kusungunuke.

Ndinadikiradi, n'kubwerera kubusa kuja dothi litafewa. Ndinapeza mabatani awiri a mkuwa ndi peni yaikulu ya Mfumu George V, ya nthawi imene ndalama za kuno zinali zisanasinthe mu 1971, chaka chomwe kwathu kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Inandikumbutsa peni yobooka pakati ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland imene agogo ankasunga m'kachitini ka fodya. Ndinakaonetsa mlimi zonse ndisanachoke, ndipo maenje ndinakwirira bwinobwino, chifukwa nkhosa ikathyoka mwendo chilolezo chathera pomwepo. Abale amene mukufuna kuyamba zimenezi kuno ku England, malo alionse ali ndi mwini wake, ngakhale paki ndi ya khonsolo, musalowe osapempha. Mukapeza chinthu cha golide kapena siliva chooneka kuti chadutsa zaka 300, lamulo la Treasure Act la 1996 likuti mukanene pasanathe masiku 14, ndipo Finds Liaison Officer wa dera lanu, mkulu woona za zinthu zakale zimene anthu apeza, ndi amene amathandiza pa zimenezi. Ku Scotland malamulo ake ndi ena. Wogulitsa uja anandisimbira za mamiliyoni koma za lamuloli sanatchuleko.

Kanema wa kupezeka kwa mphete ija atafika kumudzi pa WhatsApp, asuweni awiri anandilembera kuti ndiwatumizire makina omwewa akafufuzire golide ku Makanjira ndi ku Lisungwi. Ndawayankha kuti asataye ndalama. Kupeza mphete pamwamba ndi kupeza timibulu ta golide m'dothi lodzaza miyala ya chitsulo ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiriyo ili ndi makina akeake opangidwira zimenezo.

Chingwe changa chinafika pa 29 Januwale, mwezi wathunthu chilipirireni, mu envelopu yopanda ngakhale kakalata ka pepani. Makinawa gulani, koma funani sitolo ina, ndipo katoni ikafika tsegulani pomwepo muwerenge zonse zili m'katimo musanataye risiti. Chingwe cha abambo oyandikana nawo ndinakabweza madzulo omwewo, pamodzi ndi mbale ya mandasi imene amayi aja anatumiza.