Zipangizo zitatu, tepi imodzi ya ukwati wa achemwali

Zipangizo zitatu zosamutsira vidiyo ya pa tepi kupita mu kompyuta ndinaziyesera pa tepi imodzi: ukwati wa achemwali anga wa mu 1998, VHS ya maola atatu. Ndi mokhamo momwe muli malemu amayi athu akuyenda, akulankhula, akuvina pa perekaniperekani. N'chifukwa chake sindinkafuna zongoti bola chithunzi chikuoneka. Deki, makina oseweretsera tepi, inali yomweyo, laputopu yomweyo, ndinkangosintha chipangizo chotengera vidiyo kuchoka pa deki kupita mu kompyuta.

Ndinayamba ndi ka USB kotchipa kopanda dzina lodziwika, ka zingwe zachikasu, zofiira ndi zoyera. Kanagwira ntchito, koma deresi la mkwatibwi linangoti mbee, mapindo ake osaoneka. Kufiira kwa chitenje cha amayi kunkatayikira mpaka pamkono. Chinandipweteka kwambiri ndi mawu. Litatha ola limodzi anayamba kusiyana ndi chithunzi, abusa atseka kale pakamwa, "Ameni" n'kumabwera pambuyo.

Kachiwiri kanali kabokosi kosintha RCA, zingwe zitatu zija, kukhala HDMI, chingwe cha ma TV amakono, kolembedwa 1080p pachikuto, kutanthauza chithunzi cha mizere 1080, ndipo kanafunanso kena kolandira HDMI kuti vidiyo ilowe mu laputopu. Apa ndi pomwe ambiri timapusitsikira, ine ndemwe. Matepi athu kuno ndi a mtundu wa vidiyo wotchedwa PAL, mizere ya chithunzi chake yooneka ndi 576, ndipo VHS payokha siyisunga zinthu zing'onozing'ono zambiri. Kabokosi sikangatulutse zomwe pa tepi palibe, kamangofufumitsa zomwe kapeza. Kanga kanatambasulira chithunzi m'mbali kuti chidzaze sikirini, anthu onse n'kukhala afupi ndi onenepa, m'mphepete mwa nkhope muli kamzere koyera. Gule nayenso ankadukizadukiza. PAL imaonetsa zithunzi 25 pa sekondi, chilichonse chili m'magawo awiri, ndiye kuti magawo 50. Chipangizo chikataya theka la magawowo, kuyenda kwa munthu sikusalala. Amayi ankavina modekha, koma apa ankaoneka ngati akunjenjemera.

Chachitatu ndi I-O Data GV-USB2, ya ku Japan, yomwe ndinachita kuitanitsa kunja. Mtengo wake ndi wokwererapo ndipo zolemba zake ndi za Chijapani, choncho mpofunika kudekha poikonza. Ndinasankha PAL, ndinatsegula pulogalamu yojambulira vidiyo ya VirtualDub, n'kujambula pa saizi ya 720x576 mopanikiza chithunzi koma osataya kalikonse. Ola limodzi linadya malo pafupifupi 30 GB, ndiye hadi disiki ikhale ndi mpata. Koma zomwe zinatuluka! Duku la amayi, lomwe pa ziwiri zija linkangooneka lobiriwira, linali ndi timaluwa tachikasu. Ndinaimitsa kanemayo, n'kukhala chete kwakanthawi. Ndinali nditaiwala timaluwa timeneto. Deresi linabwerera ndi mapindo ake, suti yakuda ya alamu inasiyana ndi mdima wa m'tchalitchi, ndipo mawu anayenda limodzi ndi milomo mpaka tepi kutha.

Chimodzi chomwe chinatsala pa zonse zitatu ndi kupindika kwa chithunzi cha kumtunda, zitseko ndi zipilala kumagwedezeka ngati zili m'madzi. Limenelo ndi vuto la tepi yokalamba. Mnzanga wina wokonza ma TV anandibwereka DVD recorder yakale, Panasonic DMR-ES10. Sindinajambulire pa DVD ayi, ndinangodutsitsamo vidiyo kuchoka pa deki, n'kuitulutsa ndi chingwe cha S-Video, chomwe chimanyamula kuwala ndi mitundu padera. Zipilala zinawongoka, ndipo timadontho toyendayenda m'mphepete mwa zofiira tinachepa.

Ka USB kotchipa ndikapatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu, kangathandize pongofuna kudziwa zomwe zili pa tepi yopanda chizindikiro. Kabokosi ka 1080p imodzi. GV-USB2 zisanu, makamaka ikayendera limodzi ndi Panasonic ija.

Musanalowetse tepi mu deki, isuzumireni pakagalasi kake. Mukaona zoyera ngati ufa, yachita chuku, ndipo idetsa mitu ya deki yomwe imawerenga tepi. Madeki atsopano anasiya kupangidwa mu 2016, ndiye yomwe muli nayo isamaleni. Tepi yathu sindinaitaye, ili m'kabati mouma, ndipo fayilo ndaisunga pa madisiki awiri, imodzi kwanga, ina kwa achemwali.