Makalasi a solfa a Loweruka ku Katoto andithandiza kwambiri

Anzanga oimba kwaya kuno ku Mzuzu, ine ndaimba alto zaka zambiri ndithu koma chilungamo chake ndinkangotsatira mayi ena amene ndimaima nawo pafupi, iwowo akajomba pulakatisi basi alto yonse imangothera ku soprano, zinkandiwawa mumtima. Ndiye mnzanga wina anandiuza za bambo ena amene amaphunzitsa solfa, kuwerenga nyimbo ndi zilembo za do re mi kuja, Loweruka masana cha ku Katoto, pano ndatha miyezi itatu ndikupitako.

Tsiku loyamba sitinaimbe nyimbo olo imodzi. Anatiimiritsa tonse, dzanja pamimba, akuti kokani mpweya mimba ifufume osati mapewa kukwera ayi. Kenako analemba d r m f s l t pabolodi nkuyamba kutisonyeza ndi manja, do ndi chibakera, mi ndi chikhatho chogona choyang'ana pansi, so chikhatho chammbali ngati ukupereka moni. Njira imeneyi anaifalitsa ndi m'busa wa ku England John Curwen m'zaka za m'ma 1800, kuno inabwera ndi amishoni, nchifukwa chake mapepala a makwaya athu ambiri amakhala a zilembo osati manotsi a pamizere aja.

Koma chimene chinanditsegula maso ndi timadontho ta pakati pa zilembo tija abale. Zaka zonsezi ndinkangotidumpha, kumawerenga zilembo zokha. Timadontho tiwiri timalekanitsa mabiti, kamodzi kamagawa biti pakati, kamzere kogona ndiye kuti gwirabe noti yomweyo usaisiye, ndipo ka 1 kakakhala kumunsi kwa chilembo ndiye kuti tsika nayo pansi. Aphunzitsiwa safulumira, amakuombetsa m'manja mzere umodzi kangapo mpaka ulowe m'mutu, ukaphonya sakuchititsa manyazi pagulu, amangoti mayi tiyeni tibwerezenso.

Chinanso chabwino amalemba nyimbo pa MuseScore, ija yaulere ya pa kompyuta, nkutitumizira gawo lililonse palokha pa WhatsApp. Ine ndimamvera ya alto ndikuphika kwathu ku Chibavi, pofika Loweruka yakhazikika kale.

Zodandaulitsa zilipo. Anthu tachuluka ndiye a bass nthawi imawachepera, ena amangokhala kumbuyo phee mpaka kuweruka. Komanso chipinda chake mawindo ena satsekeka, ndi kuzizira kwa Mzuzu mu June muja mawu amachedwa kutseguka, tengani juzi ndi madzi ofunda mufulasiki. Malipiro ndi a pamwezi, si opweteka, kwaya itha kusonkherana nkutumiza anthu awiri kuti akaphunzitse anzawo.

Lamulungu lapitali mayi ndinkawatsatira aja anali ku maliro ku Ekwendeni. Vesi yachiwiri alto timalowa tokha pa fa, ndinayang'ana pepala, ndinawerenga mabiti anga nkulowa, atsikana awiri a kumbuyo kwanga ananditsatira mpaka kumapeto.