Kudula maploti kapena kusunga munda?

Chichokereni 2017, pamene Chipata inakhala mzinda, eni minda ya m'mphepete mwa tauni ali pamphambano: adule maploti agulitse, kapena apitirize kulima?

Kugulitsa kuli ndi kukoma kwake, tisanamizane. Ndalama zimabwera pakamodzi. Munthu amafolera nyumba ndi malata, amalipirira mwana ku koleji, mwinanso kugula njinga yamoto yonyamula anthu kupita ku Mwami. Koma malo a mfumu akalowa pa taitolo ya zaka 99, monga lamulo la malo la 1995 limalolera, sabwereranso kumudzi. Ndipo ogula safuna phiri la miyala. Amafuna pachidikha pafupi ndi msewu, pomwe chimanga ndi nshawa zimachita bwino. Dambo likamangidwa, dimba latha: tomato ndi repu za pamsika wa Kapata zizichokera kutali, mtengo n'kukwera.

Kulima nako si masewera. Feteleza ndi wodula, wa FISP (pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza wotsika mtengo) sakwanira aliyense, ndipo chilala cha 2024 chinasiya nkhokwe zambiri zopanda kanthu. Komabe munda ukakukana chaka chino, chaka chamawa ulipo. Wogulitsa uja, ndalama zikatha, amagula ufa wa pamela tsiku lililonse, kwinaku akuchita ganyu pamalo amene agogo ake analima.

Ine ndingadule kachigawo kouma ka kumsewu, ndimangepo nyumba za lendi, koma dimba ndi munda wa chimanga osakhudza.