Maphunziro a Chingerezi cha pa misonkhano: moni ndi kudzifotokoza zatheka, zotsatira zake ayi

Ndamaliza maphunziro a pa intaneti awa mwezi watha, masabata 6, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Chingerezi ndimawerenga bwinobwino, makalata a kuntchito ndimalemba ndekha. Vuto langa linali pakamwa. Pamsonkhano akangoti aliyense anene dzina ndi ntchito yake, mtima unkagunda, mawu onse n'kubalalika. Tsiku lina pa Zoom, tikukumana ndi anthu a kampani imene timagulako katundu, ndinatchula dzina langa n'kukhala duu, mpaka abwana anga anachita kundimalizira. Usiku womwewo ndinalembetsa.

Asanayambe kukuphunzitsani amayamba akuyesani kaye. Amatsata muyeso wa luso la chilankhulo wotchedwa CEFR, umene bungwe la Council of Europe linatulutsa mu 2001, wa magawo 6 kuyambira A1, gawo la oyamba kumene, mpaka C2. Ine anandiika pa A2 pa kulankhula. Zinandiwawa pang'ono, koma sanandinamizire.

Chimene ndayamikira kwambiri n'chakuti sakudzazirani galamala. Sabata yoyamba yonse imathera pa ziganizo zitatu zokha: dzina lanu, kumene mumagwira ntchito, ndi zimene mumachita kumeneko. Mumazibwereza, mumadzijambula mawu, mumamvetsera, n'kubwerezanso, mpaka zizituluka zokha ngakhale muli ndi mantha. Poyamba ndinkaona ngati akundichedwetsa. Panopa ndikuona kuti sabata imeneyo ndiyo inandithandiza kuposa zina zonse.

Ndipo timfundo ting'onoting'ono timene ndakhala ndikulakwitsa kwa zaka popanda wondiuza, apa ndi pamene ndatidziwira. "Nice to meet you" amanena pokumana koyamba basi. Munthu amene munaonana naye kale mumamuuza "Nice to see you again", apo ayi amaganiza kuti mwamuiwala. "Good night" si moni koma mawu otsanzika, moni wa madzulo ndi "Good evening". Ine ndinalonjerapo alendo ndi "Good night" akungolowa kumene pakhomo, ndipo lero ndi pamene ndikumvetsa chimene anamwetulira. Mr ndi Mrs amayendera limodzi ndi dzina lomaliza, osati loyamba, ndipo mayi amene simukudziwa ngati ali pabanja mumamutchula Ms. Akakufunsani "How are you?" pamsonkhano wa ntchito sakuyembekezera kuti mufotokoze za mutu umene unakupwetekani dzulo, mumayankha mwachidule n'kubweza funsolo. Za "How do you do?" anatiuza mosabisa kuti ndi mawu achikale, masiku ano samveka kawirikawiri, ndipo ukawamva umangowabwereza momwemo. Ine ndinali nditawaloweza ngati chida changa chachikulu.

Sabata yachinayi ndi ya misonkhano ya pa kompyuta: kufunsa ngati akukumvani, kuuza mnzanu mwaulemu kuti watseka maikolofoni, kulowa mochedwa osasokoneza amene akulankhula. Ndi yaifupi koma yothandiza.

Tsopano kumene nyenyezi imodzi yagwera. Pulogalamu yawo yomvetsera katchulidwe ndi yachifundo mopitirira. Lilime langa limasokoneza l ndi r, ndiye ndinaiyesa dala: ndinanena "collect" pamene panafunika "correct", iyo n'kundichonga kuti ndakhoza. Anandigwira ndi mphunzitsi weniweni, pa kalasi ya pa vidiyo. Koma kalasi imeneyo ndi ya mphindi 30 pa sabata, tilipo anthu 8, choncho aliyense amalankhula mphindi zitatu kapena zinayi. Aphunzitsi anasinthanso kawiri, ndipo watsopano aliyense ankayambira pa kutifunsa mayina. Kunena zoona, kumeneko kunali kuyeserera kwabwino ndithu, ngakhale sindikhulupirira kuti anachita kukonza.

China, mawu onse ojambulidwa ndi a anthu a ku Britain ndi ku America, olankhula pang'onopang'ono, momveka ngati owerenga nkhani pa wailesi. Anthu amene ndimakumana nawo ine ndi a ku India, ku China ndi ku Germany, aliyense ndi katchulidwe kake, ena othamanga kwambiri. Maphunzirowa sanandikonzekeretse khutu pa zimenezo. Komanso macheza aja a pakati pa moni ndi nkhani yeniyeni, za ulendo, za nyengo, angowapatsa phunziro limodzi, chonsecho ndi pamene munthu amaterereka. Mavidiyo amadya deta kwambiri, ndipo palibe njira yotsitsira mawu okha kuti uzimvetsera uli pa ulendo.

Ngati mumalankhula kale Chingerezi momasuka, musataye nthawi, mudzatopa nawo pofika sabata yachiwiri. Ndi a munthu ngati ine, wodziwa kuwerenga koma womangika lilime pagulu.

Lachiwiri lapitali tinakumananso ndi anthu a kampani ija. Ndinanena dzina, ntchito, n'kumudziwitsanso mnzanga watsopano kwa iwo, osakakamira paliponse. Kenako mkulu wawo anandifunsa funso lina mothamanga, sindinagwirepo kanthu. Ndinati "Sorry, could you say that again?", chiganizo cha m'sabata yachisanu. Anabwereza pang'onopang'ono. Ankangofunsa ngati kwathu kukugwa mvula.